Makina amene tinafunditsa citenje zaka zitatu

Mu ofesi ya parishi yathu kuno ku Chipata, pakona pafupi ndi kabati yosungiramo mabuku a ubatizo, panali katundu amene tinamufunditsa citenje kwa zaka zitatu ndi miyezi. Aliyense wobwera kudzalembetsa cikwati kapena kudzapereka mtulo anali kumuona, ndipo amadala ena anazolowera kuikapo cipewa cao. Pansi pa citenjeco panali pulinta, makina osindikizira, pamodzi ndi cinzake cacitsulo colemera ngati theka la thumba la feteleza, cokhala ndi cogwirira ngati mjigo. Wosunga kiyi ya ofesiyo ndine, conco nkhani imene ndilemba lero ndi ya kulakwa kwanga. Ndailemba cifukwa ndidziwa kuti m'maparishi, m'masukulu ndi m'makopaletivu a alimi muli katundu wina wotere amene akufa pang'onopang'ono, eni ake ali kuganiza kuti akumusamala.

Makinawo anabwera kumapeto kwa caka ca 2021 monga mphatso yocokera kwa abwenzi a wansembe wina amene anatumikirapo pakati pathu. Wansembeyo atasamutsidwa, panalibenso wina wodziwa nchito yake. Ine ndinawerenga pang'ono kabuku kake ndi Cingelezi canga ca ku seminale, ndinathira inki m'timabotolo take, ndi kuyesa kusindikiza makadi a ubatizo pa pepala wamba. Zimene zinatuluka zinali zombuwirira ngati citenje cimene cacapidwa zaka khumi. Cofiira cinaoneka ngati dothi la katondo, cobiriwira ngati masamba a fodya wouma. Ndinauza komiti kuti azungu atitumizira makina akufa, ndipo popeza cinali camanyazi kutaya mphatso, tinaifunditsa. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula zaka zitatu.

Cimene cinavundukula citenje ndi Caka ca Jubili, cija anatsegula Papa Francis pa 24 December 2024, nadzacitseka Papa Leo XIV pa 6 January 2026. Amai a bungwe lina m'parishi anafuna masikipa olembedwa dzina la parishi ndi cithunzi ca nkhoswe yathu. Anasonkha ndalama za nshawa ndi za mpendadzuwa, natumiza munthu ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550, kulipira basi kupita ndi kubwera, cakudya ndi pogona. Masikipa anafika mocedwa, ndipo dzina la parishi linasowa cilembo cimodzi. Tsiku limene tinali kudandaula za zimenezi mu ofesi, munalowa mtsikana wina wa m'kwaya amene anagwirapo nchito ya ganyu pa sitolo yosindikiza zovala mu Lusaka. Anakweza citenje kufuna pokhazika mabuku a nyimbo, nangoti kakasi.

"A Katekisiti, kodi mudziwa cimene mwafunditsa apa?"

"Ndi makina akufa, mwana wanga. Inki yake ndi yosasa."

"Pepani atate, sali akufa. Awa ndiwo makina amene asindikiza masikipa amene amai agula ku Lusaka."

Amai amene analipo sananene kanthu. Anangondiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko ndikali kukukumbukira.

Tsopano ndifotokoze zimene ndinaphunzira kwa mwana amene ndinamuphunzitsa ndine katekisimu. Kasindikizidwe aka amakacha dye sublimation. Mau akuti sublimation atanthauza cinthu colimba kusanduka nthunzi osayamba casungunuka kukhala madzi. Amai onse acidziwa cimeneci ngakhale sadziwa dzina lake. Timipira toyera tija tonunkha timene muika m'sutukesi kuti njenjete zisadye zovala, mukatsegula patapita miyezi mupeza tacepa kapena tatheratu, koma zovala sizinanyowe. Tapita kuti? Tasanduka mpweya. Inki ya makina awa icita cimodzimodzi ikatenthedwa kwambiri.

Nchito yake iyenda motere. Cithunzi cikonzedwa pa kompyuta, cisindikizidwa pa pepala lapadera, osati pepala wamba la mu ofesi. Pa pepalapo cioneka cofooka ndithu, ndipo ndi mmene ciyenera kuonekera, pakuti mitundu yake ikali cigonere. Apa ndi pamene ine ndinasocerera. Kenaka pepala ligonekedwa cafufumimba pa nsalu, ndi kupanikizidwa ndi cinsimbi cija cacikulu cimene amalonda acicha heat press. Kutentha kwake kufika madigiri 190 kapena 200, kuwirikiza kawiri kutentha kwa madzi owira, kwa masekondi pakati pa 45 ndi 60. Inki isanduka nthunzi, ilowa mkati mwa ulusi wa nsalu, ndipo nsalu ikazizira mitundu itsekeredwa momwemo. Mukapapasa ndi dzanja simumva kanthu pamwamba, cifukwa cithunzi ndi nsalu zakhala cinthu cimodzi. Sicikanganuka ngati zija zomata zimene zing'ambika sikipa ikacapidwa kangapo. Mau onse ayenera kusindikizidwa cagada, ngati mmene aonekera pa galasi, kuti pa nsalu akawerengeke bwino. Nzeru imeneyi siyatsopano ai. Anaitulukira ndi Noël de Plasse wa ku France mu 1957, dziko lathu likali Northern Rhodesia ndipo Chipata akali kuchedwa Fort Jameson.

Koma alimi anzanga, apa pali nkhani imene inandiwawa mtima. Makina awa sagwirizana ndi thonje. Ife a kuno kum'mawa, kucokera ku Petauke, Katete, Chipata mpaka ku Lundazi, ndife tilima thonje lambiri m'dziko lino. Tidziwa kupatulira, kupopera mankhwala, kutola dzuwa lili pamutu, ndi kudikira mtengo umene ena atiuza. Koma mukatenga sikipa ya thonje lenileni ndi kuisindikiza pa makina awa, cithunzi cioneka bwino tsiku loyamba cabe. Ikalowa m'beseni ndi sopo kawiri katatu, cithunzi cipita ndi madzi. Ndinayesa ndekha pa vesiti yanga, posakhulupirira mau a mwana, ndipo vesitiyo lero ndipukutira njinga.

Nsalu imene inki iyi ifuna ndi poliyesita, ulusi wopangidwa kucokera ku mafuta a pansi pa nthaka, m'bale wake wa pulasitiki. Ulusi umenewu ukatenthedwa umasuka ndi kulandira nthunzi ya inki, ukazizira ugwira. Thonje lilibe khalidwe limenelo. Acikulire anzanga poliyesita muidziwa kale, kungoti ndi dzina lina: ndiyo terelini ija, mabuluku amene tinali kunyadira nawo pa Khrisimasi cifukwa sanali kukwinyika. Anaipanga ndi John Rex Whinfield ndi James Tennant Dickson mu 1941. Conco musanagule masikipa, yang'anani kansalu kolembedwa ka pakhosi kapena ka m'mbali. Poliyesita ikhale 100 peresenti ngati mufuna mitundu yowala. Ikacepera pa 65 peresenti, cithunzi cikhala cotuwa. Ndiponso nsalu ikhale yoyera kapena yosada kwenikweni, pakuti makina awa alibe inki yoyera. Pa sikipa yakuda kapena yabuluu wakuda palibe cimene cioneka.

Ndinene poyera maganizo anga: sikipa ya poliyesita mwezi wa October, pa ulendo wapansi wa mapemphero, si bwenzi la munthu. Itentha ndipo isunga thukuta. Ngati gulu lanu lifuna zovala za thonje, musavutike ndi makina awa. Pitani kwa anyamata osindikiza ndi sefa ndi penti, amene m'tauni muno alipo, ndipo nchito yao pa thonje ikhalitsa. Cimodzimodzi zitenje za parishi kapena za cikondwerero: pulinta yathu isindikiza pepala la A4 cabe, kukula ngati tsamba la kaundula. Citenje ca mamita awiri ndi nchito ya fakitale. Zimandimvetsa cisoni kuti thonje lathu lambiri licoka m'mafakitale ocotsa njere ndi kupita kunja kwa dziko, pamene fakitale ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe inaima mu 2007 ndi kukhala zaka zambiri makina ali duu. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo ine amene ndinaumitsa pulinta imodzi ndilibe pakamwa potonzera ena.

Ndibwerere ku ofesi. Mtsikana uja atayatsa makina ndi kusindikiza kapepala koyesera, kamene kaonetsa timizere ta mtundu uliwonse, panatuluka timizere tocepa todukaduka, ndipo mtundu wakuda unalibiretu. Apa ndi pamene ndinamva cinthu cimene ndifuna aliyense wosunga makina otere acimve: pulinta ya inki ifa ndi kukhala, siifa ndi nchito. Ku mutu wake kuli timabowo mazanamazana, tocepa kuposa tsitsi la munthu, mmene inki ipitira. Inki ya sublimation ili ndi tinthu tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, monga ufa m'madzi a phala lisanaphikidwe. Ikakhala osayenda, tinthu timeneto tikhazikika pansi, madzi auma, timabowo titsekeka. Ine ndinathira inki mu 2021 ndi kuisiya m'mutumo kupyola nyengo zitatu za kutentha. Kukhala bwino ndikanasiya makina m'katoni osathiramo kanthu.

Panalinso colakwa cina. Makina awa akazimitsidwa ndi batani lake, mutu ubwerera pamalo pake ndi kukhala pa kacivundikiro kamene kaletsa mpweya kuumitsa inki. Koma mukazula nthambo ku cipupa, kapena malaiti akathima ali pakati pa nchito, mutu utsala pamtunda. Ine tsiku lija ndinakwiya ndi makadi ombuwirira, ndinangozula nthambo. Ndipo titatsegula kumbuyo, tinapeza mphemvu zamanga mudzi, ndi fumbi la mwezi wa August la zaka zonsezo.

Kukonza kunatenga milungu. Makina ali ndi njira yodzitsuka okha, koma njira imeneyi imwa inki yambiri ndi kuitayira m'kathonje ka mkati, kamene kakadzaza makina akana kugwira nchito. Conco si nzeru kubwereza kutsuka kakhumi motsatizana. Tsukani kawiri kapena katatu, siyani makina apume usiku wonse, muyesenso m'mawa. Ife zinakanika, mpaka tinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni, amene ananyika mutu m'mankhwala otsukira ndi kutaya inki yonse yakale, imene tsiku lake lolembedwa pa botolo linali litapita kalekale. Ndalama zimene tinalipira pamenepo, pamodzi ndi inki yatsopano yocokera ku Lusaka, zinatsala pang'ono kufanana ndi zimene amai anaonongera ulendo uja. Bambo Mfumu anandifunsa funso limodzi cabe: "A Katekisiti, kodi muli zina zimene mwafunditsa?" Ndinayankha kuti kuli taipi yakale ndi makina osokera awiri. Anaseka, koma mawa lake makina osokera anapita kwa amai.

Walira mvula walira matope. Makina atadzuka, mavuto ena anayamba, ndipo loyamba ndi malaiti. Tonse tikumbukira 2024, pamene President Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anacepa, ndipo panali masiku amene malaiti anali kubwera maola atatu cabe. Pulinta yokha siidya magetsi ambiri. Ngakhale sola yaing'ono yokhala ndi batire ndi inveta iikwanitsa. Koma cinsimbi cija cifuna mawati oposa 1,000, ngati mbaula ya magetsi yophikira, ndipo sola ya pa nyumba wamba siingacinyamule. Cimene tinaphunzira ndi kugawa nchito pawiri: mapepala asindikizidwa nthawi iliyonse ndi kusungidwa mouma m'envulopu, ndipo kupanikiza kucitika pamene malaiti alipo. Ena anafunsa ngati nsimbi ya makala siingagwire nchitoyi. Tinayesa pa kansalu. Kwina kunapsa, kwina kunatuwa, ndipo cithunzi cinatuluka ndi mthunzi cifukwa pepala linasuntha. Nsimbi ya m'nyumba siisunga kutentha kofanana ndipo dzanja la munthu silipanikiza mofanana.

Vuto laciwiri ndi lalikulu kuposa malaiti, ndilo la kiyi. Katundu wa gulu ali ndi matenda ace: aliyense aopa kumugwira kuti akaonongeka angamunene, ndipo wosunga kiyi aona ngati ulemu wake uli m'kukana. Ndinali wotero ine. Acinyamata akabwera kufuna kuona makina, ndinali kuwauza kuti si zoseweretsa. Lero ndiona kuti pakati pa acinyamata amene ndinawabweza pakhomo panali ena amene akanandiuza zoona mu 2022, inki ikali yamoyo. M'makopaletivu a alimi nkhani ndi yomweyi: cigayo, pampu yothirira dimba, sikelo, zonse zitsekeredwa m'nyumba ya wapampando kudikira msonkhano umene sucitika.

Komiti ya parishi inagwirizana zinthu zocepa zimene ena angatengereko. Makina ali m'manja mwa anthu awiri ochulidwa maina, mtsikana uja ndi mnyamata mmodzi amene akumuphunzitsa, kuti wina akapita ku sukulu kapena ku ukwati nzeru isapite naye. Loweruka lililonse, kaya pali oda kaya palibe, makina ayatsidwa ndi kusindikiza kapepala koyesera ndi cithunzi cimodzi cokhala ndi mitundu yonse. Pa ndalama iliyonse yolowa, gawo la inki ndi mapepala lipatulidwa coyamba ndi kulembedwa m'buku la msungicuma, pakuti makina ambiri a magulu aima tsiku limene inki ya mphatso yatha. Ndipo inki ikhale ya mtundu umodzi nthawi zonse. Wina anabwera ndi botolo la inki ya pulinta wamba, kuti ndi yochipa. Tikanathira, tikanabwerera kwa wokonza uja.

Nanga nchito icokera kuti, popeza Jubili siibwera caka ciliconse? Ili ndi funso limene liyenera kufunsidwa makina asanagulidwe, ndipo ife tinalifunsa mocedwa. Parishi yokha siingadyetse makina awa. Ubatizo, ukaristia woyamba, kulimbitsidwa ndi maukwati zibwera pa nyengo zake. Tinapeza kuti nchito yambiri ili kunja kwa mpanda wa chalichi. Majezi a mpira a matimu a m'midzi ndi a poliyesita kale, ngakhale aja a pa salaula, ndipo oyera kapena acikasu alandira nambala ndi dzina la timu bwino lomwe. Makopaletivu afuna masikipa ndi timbendera pa nthawi ya cionetsero ca zaulimi. Miphakati ifuna nsalu zazing'ono za maina a oyera ao, amai a kwaya afuna maduku. Kumapeto kwa February kuli Nc'wala ku Mtenguleni, kumapeto kwa August kuli Kulamba ku Mkaika, ndipo magulu opita kumeneko akonda kuvala zofanana. Ndi pa cifukwa cimeneci tinatsegula khomo kwa onse, a mpingo wathu ndi a mipingo ina, pa mtengo umodzi. Ena m'komiti anang'ung'udza kuti mphatso inali ya Akatolika. Ndinawayankha kuti zaka zitatu inali ya mphemvu, ndipo palibe anadandaula.

Za makapu ndicenjeze. Anthu aona makapu okhala ndi nkhope ya mkwati ndi mkwatibwi, nathamangira ku Down Shops kukagula makapu wamba. Sizitheka. Kapu ya nchito iyi ili ndi utoto wapadera woonekera, wa mtundu wa poliyesita, wopakidwa ku fakitale, ndipo ifuna cotenthetsera cake cozungulira, cimene ife tilibe. Cinanso, mitundu iyi siopa sopo koma iopa dzuwa. Cithunzi cimene cikhala panja masiku onse cifwifwa m'kupita kwa nthawi, conco amene anabwera kufuna cithunzi coika pa manda a amai ao tinawauza zoona ndi kuwabweza ndi ndalama zao.

Pali mtundu wina wa makina amene nawonso achedwa dye sublimation, ndipo ndiuchule kuti wina asasokonezeke. Ndi tija tating'ono ta ojambula zithunzi, monga Canon Selphy, timene muona pa maukwati ndi pa malo ojambulira zithunzi za pa makadi. Timeneti tilibe inki ya madzi. Tili ndi riboni yopyapyala ngati pulasitiki, ndipo pepala lilowa ndi kutuluka kanai: cikasu, cofiirira, cabuluu, ndipo kacinai lipakidwa cochinjiriza. Popeza mulibe madzi ouma, makina otere apirira kukhala miyezi osagwira nchito kuposa athu. Mdani wao ndi fumbi ndi cinyezi, cifukwa kafumbi kamodzi pa pepala kasiya kadontho koyera pa nkhope ya munthu. Riboni ndi mapepala zigulidwa pamodzi, monga paketi ya zithunzi 108, ndipo zitha pamodzi. Amene muli nawo, dziwaninso kuti riboni yotha isunga mthunzi wa nkhope zonse zimene munasindikiza. Musaitaye pa dzala pamene ana aseweretsa. Ngati parishi kapena sukulu ya kumudzi ifuna zithunzi za pa makadi kawiri kapena katatu pa caka, makina aang'ono awa ndiwo oyenera, osati a inki.

Conco amene mwafunditsa makina, yambani mwaona kuti ndi a mtundu uti. Ngati ndi a timabotolo ta inki ndipo inki siinathiridwemo, musathire kufikira mutapeza munthu amene adzawayendetsa mlungu ndi mlungu. Ngati inathiridwa kale, sindikizani kapepala koyesera lero lino, pakuti mwezi uliwonse woonjezera uonjezera mtengo wa kukonza. Ndipo ngati m'gulu mwanu mulibe nchito yokwanira, kambiranani ndi parishi yoyandikana nayo kapena wacinyamata amene ali ndi kasitolo, mulembe pangano, makina apite kumene adzagwira nchito.

Kwathu citenje cija cikali pomwepo, koma tsopano nchito yake ndi kuchinga fumbi, ndipo cicotsedwa Loweruka lililonse ana a katekisimu akaweruka. Milungu imene palibe oda, mtsikana uja asindikiza zithunzi za oyera pa tizidutswa ta nsalu yoyera timene atola kwa atelala a ku Kapata, ndi kugawira ana okonzekera ukaristia woyamba. Makinawo sanacire kotheratu. Pa mtundu wakuda pali timabowo tingapo timene tinakana kutseguka, kotero kuti zilembo zazing'ono zituluka ndi kamzere koyera pakati. Wokonza uja anati mankhwala ake ndi mutu watsopano, umene mtengo wake sutalikirana ndi wa pulinta yatsopano. Komiti inati tidikire malonda a nshawa a caka camawa, ndipo pakali pano maina onse tiwalemba ndi zilembo zazikulu.